Wakufa Amene Amalowa Lachinayi

Ndinatsika ku Katoto chifunga chili m'mawondo.
Wakabaza, poona chingwe chikulendewera m'chikwama,
anafunsa, "Abwana, ndinu a magetsi?"
Ndinavomera. N'kwapafupi kutero
kusiyana n'kufotokoza kuti boma limandilipira
kuti ndizilondola mapazi a anthu m'makompyuta.

Ofesi inandilandira ngati mlamu wodzalonjerera ngongole:
mpando wabwino, tiyi wamkaka, maso kumbali.
Kiyi wa chipinda cha seva ali ndi Nyasulu.
Nyasulu ali kumaliro ku Ekwendeni,
abwera mawa, mwina mkuja.
Atabwera tinapezamo matumba awiri a chimanga,
tayala lakutha, ndi beseni lotchera madzi a denga
pambali pa makina osunga malipiro a anthu zikwi zitatu.
Ndinalemba.
Ndinatembenuza kiyibodi ya abwana:
kapepala kachikasu, dzina la mwana, chaka chobadwa.
Ofesi yonse imalowera pa dzina la mwana ameneyo.
Ndinalembanso. Ntchito yanga ndi kulemba.

Usiku wachitatu, ku loji ya ku Chibavi,
magetsi atathima, batire itatsala theka,
ndinakumana ndi Chavula.
Kalaliki wa malipiro, B. K. Chavula,
walowa Lachinayi, teni koloko usiku,
wavomereza malipiro ake omwe, watuluka.
Mwezi watha chimodzimodzi. Winawo chimodzimodzi.
Ndinawerenga mpaka makumi awiri ndi isanu ndi umodzi.
Koma fayilo yake ya pepala ikuti
anagonekedwa ku Zolozolo zaka ziwiri zapitazo.

Makina sanama, koma sadziwa maliro.
Anangoloza: desiki lachitatu, pafupi ndi zenera,
pokhala NyaHarawa,
amene Lolemba anandibwereka juzi
atandiona ndikunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa.

Sanakane.
Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.
"Mkazi wake ali ku Mchengautuwa ndi ana anayi.
Ndalama za imfa zili ku Lilongwe,
fayilo yasowa kawiri.
Ndikamupha m'makinamu, iwo adya chiyani?
Sindinatengepo tambala. Onani nokha."

Ndinaona.
Zinali zoona, ndipo n'zimene zinandiwawa.
Akanakhala wakuba wamimba,
womanga mpanda wa njerwa ndi mankhwala a chipatala,
ndikanalemba ndikuimba mluzu.
Oterowo ndawapezapo, amagona tulo tabwino.

Fomu ya lipoti ili ndi mabokosi atatu:
chopezeka, chiopsezo, malangizo.
Palibe bokosi la juzi.
Palibe bokosi la ana anayi
kapena la fayilo yomera miyendo.
Komanso ndikudziwa, khomo lotsegulira chifundo lero
mawa polowa fisi silifunsa dzina;
chipinda chino chili ndi makomo otere khumi ndi awiri
ndipo enawo sindinawalondole n'komwe.

Ndinalemba zonse, dzina, ola, desiki.
Chiopsezo: chachikulu.
Pa malangizo ndinawonjeza mzere wosafunsidwa:
mayi wamasiye alipidwe mwezi uno.
Abwana anga ali ndi cholembera chofiira,
adzati izi si za makompyuta.
Adule okha. Ine ndalemba.

Lachisanu masana Nyasulu anadina batani.
Chavula anamwalira kachiwiri,
popanda kwaya, popanda nkhata,
ine ndili mboni, nditagwira kapu yozizira.

Juzi ndinalipinda bwino, ndinaliika pa desiki lachitatu.
Sanandiyang'ane. Anangolikankhira kwa ine ndi chala.
"Valani. Ku Chikangawa kumazizira."

Basi ikukwera, mitengo ya paini ikutha m'chifunga.
Laputopu ili pamiyendo, yotseka, ikadali yofunda.
Woyandikana naye akufunsa ntchito yanga.
Ndikuyang'ana ulusi wosomboka padzanja la juzi,
ndipo ulendo uno sindikunena za magetsi.